Mzungu wa Ng'oma Yotsimphina

Jekete ndinaligula pa kaunjika kuboma, la mizeremizere, la mapewa a munthu wodya bwino kuposa ine. Ndinaligulira ntchito imodzi yokha, yokaimira Raston, mwana wa mlongo wanga, ngati nkhoswe yake kwa a Alufandika. Koma jeketelo linakhala pamsomali mpaka akangaude anayamba kuliyesa lawo, ndipo wolakwa anali Raston yemweyo.

Inali nthawi ija matipate atangokhazikika, aliyense akuchita zimene ankaletsedwa kale. Ena anayambitsa zipani, ena manyuzipepala, atsikana anayamba kuvala mathalauza. Raston ufulu wake anauika m'mutu: anasunga tsitsi. Ankaimba gitala pa maukwati ndi pa misonkhano ya chipani chilichonse chimene chamuitana, moti masikipa anali nawo a mitundu itatu, ndipo ankavala malinga ndi galimoto imene yabwera. Mtima wake wokha ndi umene sunkasintha chipani. Unali pa Nester, mwana wa a Alufandika a ku Chia.

Nester anali mtsikana wabwino, wa pakamwa pachangu. Mlongo wanga anamupeza ndi vuto limodzi lokha, lakuti akamasinja mpunga ankati akamenya kawiri n'kuima pang'ono, n'kugwedeza mapewa, kenaka n'kumenya kachitatu. "Mkazi wosinja chotere ana adzagona ndi njala," ankatero. Raston sankadziwa n'komwe kuti mpunga umasinjidwa bwanji, choncho zimenezi sizinamusowetse tulo.

Vuto lenileni linali bambo ake. A Alufandika anapita ku Joni pa Wenela ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi chipewa, wailesi ndi tepi yojambulira mawu. Akazi awo, a Lenia, anamwalira Nester akadali pasukulu, ndipo m'nyumbamo munatsala bambo, mwana ndi kaseti imodzi. Pa kasetiyo panali nyimbo ya azungu a tsitsi lalitali, ija ya magitala okuwa ngati awapondedwa mchira. Anaijambula okha kalekale, atagundanitsa tepi ndi wailesi pakhonde pamene siteshoni ina yakutali inkaimba. Dzina lake sankalidziwa, mawu ake sankawamva. Ankangoitcha kuti Ija.

Aliyense wofika pakhomopo ankayenera kumva Ija asanalandire ngakhale madzi akumwa. Ikayamba, panalibe woyenda kapena wotsokomola, ndipo nkhuku nazo zinkadziwa lamulo. A Alufandika ankakweza chala n'kumafotokoza. "Mverani mzungu wa ng'omayo. Du, du, kenaka amachedwa dala. Katswiri ameneyo!" Ikafika pakati ankatsinzina. "Apa gitala ikulira misozi yeniyeni." Raston, pofuna mkazi, anaimva nyimboyo kambirimbiri mpaka inamulowa m'mafupa.

Tsiku lina, pofuna kuoneka mkamwini wanzeru, anapempha kasetiyo kuti akaikopere pa ina yatsopano kwa Fakiri, mnzake wa shopu yotchaja mabatire ndi kuonetsa vidiyo kuboma. Wailesi ya Fakiri inadya tepi. Raston anaisolola yonse mwaulemu, n'kuiyanika pampanda kuti iwongoke, iye n'kuthamangira kukabwereka bolopeni yokulungira. Pamenepo panadutsa mlimi wina wa ku Bua pa njinga. Mukudziwa kuti kwathu kuno tepi yosololoka ili ndi ntchito imodzi. Pomwe Raston ankaipeza, inali itadulidwadulidwa n'kumangidwa pa timitengo m'munda wa mpunga, ikunyezimira padzuwa, ikuopseza mpheta.

A Alufandika sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangoyang'ana chikhokho cha kaseti chimene Raston anabweza, n'kunena kuti, "Mnyamata iwe, undibwezere nyimbo yanga monga inalili. Ikabwera nyimbo, nkhoswe ibwere. Isanabwere, malume ako asavutike kusita jekete."

Ine ndinakwiya. Munthu wamkulu, mwana wako akhale mbeta chifukwa cha azungu oti sakukudziwa n'komwe? Koma ndinameza, pakuti wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.

Fakiri anadzimva wolakwa. Atapita ku Lilongwe kokaoda katundu, anayenda mumsika monse akung'ung'udza nyimboyo kwa ogulitsa makaseti, ena akumuseka, ena akumuloza kuchipatala, mpaka mnyamata wina anaizindikira. Anabwera nayo yatsopano, ili m'pepala lake. Tinapita nayo ku Chia tikuyenda ngati tapha njovu.

A Alufandika anaimvetsera mpaka pakati, n'kudina batani.

"Awa akuthamangira kuti? Minibasi ikuwasiya? Nanga mzungu wanga wa ng'oma ali kuti? Kulira kuja kuli kuti? Adula zonse zabwino. Yachinyengo iyi, za masiku ano zonse n'zotere."

"Wallahi, bambo, nyimbo yake ndi yomweyi," anatero Fakiri.

"Iwe unalipo ndikuijambula?"

Fakiri sanalipo. Tinabwerera.

Patapita nthawi Fakiri anapita ku Joni, ndipo anabwerako ndi kabokosi kakuda, kakakulu ngati buledi, ka mabatani ambiri, kawindo koonetsa manambala ndi chopondera phazi. Anakaika patebulo la m'shopu ngati mwana wobadwa kumene.

"Malume, m'katimu muli zokuzira mawu zonse za azungu," anandiuza. "Gitala imalowa uku, mawu amatuluka uku. Mukadina apa, gitala ikuganiza kuti ili m'bwalo la mpira ku Ulaya. Mukadina apa, ikuganiza kuti ili m'bafa. Apa ili m'phanga. Mawu alionse amene mzungu anatulutsapo pa gitala, kameneka kamawadziwa. Ngati bambo aja akukana kaseti, Raston awaimbire yekha, Inshallah."

"Ndiye kuti ndi kabokosi kabodza," ndinatero.

"Bodza lake ndi laluso, malume."

Raston ankakhala kwa ine, choncho bodza laluso lija linasamukira kunyumba kwanga. Analumikiza kabokosi ku batire ya galimoto, sipika anaivundikira pakamwa pa mtsuko wa akazi anga kuti mawu azilemera, ndipo mtendere unatha. Nambala ina inkalira ngati ng'ombe yomwe aiphonya pozinga. Ina inkabwereza chilichonse kanayi, moti Raston akalakwitsa kamodzi mudzi wonse unkamva kulakwitsako kanayi. Nkhuku zanga zinasiya kuikira. Galu anasamukira kwa aneba ndipo sanabwererenso.

Koma mnyamatayo khutu anali nalo, zimenezo sindingamumane. Ankaimba kaseti ya ku Lilongwe ija pang'ono, n'kuimitsa, n'kupotokola batani, n'kukhwatcha gitala, n'kupukusa mutu, n'kupotokolanso. Anapeza kukhakhala kwa gitala yoyamba, anapeza kulemera kwa yachiwiri, anapeza ngakhale kaphokoso ka holo imene azunguwo ankaimbiramo. Mukanatsinzina simukanasiyanitsa. Ng'oma nazo zinali momwemo m'kabokosi, ankangodina n'kuyamba kugunda zokha.

Ulendo wa ku Chia batire ndinanyamula ndine pa njinga, ndipo asidi anandiboolera thalauza pamalo amene sinditchula. Raston anaimba bwino kwambiri moti ana anadzaza pabwalo. A Alufandika anamudikira amalize.

"Waimba bwino," anatero. "Waimba yachinyengo ija."

Nester anatiperekeza mpaka pamsewu, nkhope ili gwa. Ankalankhula ndi Raston, koma ndinamva.

"Iwenso mutu uli ndi tsitsi lokha? Unawaonapo liti bambo akugula mabatire atsopano? Amawayanika pathandala pamodzi ndi chinangwa, akafooka amawaluma. Nyimbo ija sinayambe yaimbapo ndi mphamvu chibadwire ine."

Raston anaima pakati pa msewu. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kutsanzira azungu, n'kuyamba kutsanzira tepi ya a Alufandika. Anamasula nsambo zonse kuti mawu atsike, n'kumaimba mwaulesi ngati munthu wodwala malungo. Anapeza batani lonjenjemeretsa mawu, n'kulipotokola mpaka gitala inkamveka ngati tepi yotanuka. Ndi chopondera chija ankakweza ndi kutsitsa mawu, monga siteshoni yakutali imachitira ikamabwera n'kumathawa. Kusokosera kwa wailesi sanakuvutikire, chifukwa chingwe chake chinali chothyokathyoka kale. Panalinso malo amene tepi inaduka kalekale, a Alufandika n'kuilumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo, moti nyimbo inkadumpha ngati munthu wopunthwa. Raston anaphunzira kupunthwa pamalo omwewo.

Taganizani, kabokosi kochokera ku Joni, kodziwa mabwalo onse a ku Ulaya, kakugwira ntchito yonamizira mabatire olumidwa. Fakiri atamva anatsala pang'ono kulira.

Chinamuvuta kwambiri ndi kulira kuja kwa pakati. Pa kaseti ya ku Lilongwe panalibe, choncho ankangodalira zimene khutu linasunga. Anapeza nambala imene, akamaponda ndi kumasula phazi, gitala inkatsegula ndi kutseka pakamwa. Anayeserera masiku ambiri kuseri kwa khola. Tsiku limene anapeza kulirako, amayi atatu anafika akuthamanga, wina atanyamula nsalu, akufunsa kuti mwana wa ndani wagwera m'dzenje. Mayi wina woyamwitsa analumbira kuti mkaka unatuluka wokha. Raston anayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo.

Titapitanso ku Chia, a Alufandika anatsinzina kuyambira pachiyambi. Pa kupunthwa paja anagwedeza mutu. Pa kulira paja milomo yawo inanjenjemera. Ine mumtima ndinayamba kale kusita jekete.

"Wayandikira," anatero atatsegula maso. "Koma wa ng'omayu si iye. Uyu ndi msilikali, akuguba. Mzungu wanga ankatsimphina."

Raston anayesa zonse. Ng'oma za m'kabokosi sizidziwa kuchedwa, zinapangidwa kuti zisachedwe. Anabweretsa mnyamata wa ng'oma wa gulu lake, a Alufandika anati akuchedwa ngati waledzera, pamene mzungu wawo ankachedwa ngati munthu amene ali ndi chifukwa. Anayesa kuponda ndowa, anayesa chigubu, anayesa kumenya bwato lakale ndi nkhafi. Zonse anakana.

Pamenepo n'kuti mphunzitsi wina, wa aja analembedwa ntchito mwachangu pulayimale itakhala yaulere, atayamba kudutsadutsa ku Chia. Anali wometa bwino, wa njinga ya belu, ndipo sanaonongepo kaseti ya munthu. Tinamva kuti a kwawo akukonzeka kudzafunsira mbeta mwezi ukatha. Raston anasiya kudya. Anauza Nester kuti angothawa apite ku Dwangwa, koma Nester anakana.

"Ndithawe, bambo atsale ndi ndani? Ndi chikhokho cha kaseti?"

Ine zinandipweteka kumuona mwana wa mlongo wanga akuwonda, tsitsi lokha likunenepa. Loweruka lomaliza mwezi usanathe ndinachotsa jekete pamsomali, kulikuntha akangaude, n'kulivala. Ndinati kaya nyimbo ikoma kaya siikoma, lero ndikalankhula ndi mkulu ameneyu ngati amuna.

Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Raston analumikiza zingwe zake pakhonde. Atangodina ng'oma, a Alufandika anakweza dzanja.

"Msilikali ameneyo muzimitse. Akundinyoza pakhomo panga."

"Ndiye ndiimbe popanda ng'oma, bambo?"

"Imba. Tione ngati pali chotsala."

Nester anali ataima pakhomo. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana Raston, anayang'ana ine ndi thukuta langa m'jekete, kenaka anatsonya mokweza n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Pakhomo pa a Alufandika palibe anatsonyapo nyimbo ili pafupi kuyamba. Ndinadziwa kuti mtsikanayo watopa nafe tonse.

Raston anayamba. Gitala inatuluka mu mtsuko mwaulesi, ikunjenjemera, ikubwera n'kumathawa. Popanda ng'oma inkamveka yamasiye. Ine ndinali kukonza mawu anga mumtima, ndikuyang'ana pansi.

Kenaka kuseri kwa nyumba kunamveka munsi. Nester anali ataswa lamulo, akusinja mpunga ndi ukali wake wonse. Du. Du. Kenaka kanthawi. Du.

Chala cha a Alufandika chinakwera chokha.

"Ameneyo! Mzungu wanga ameneyo!" Anatsegula maso n'kuyang'ana kabokosi. "Wamupeza pa nambala yanji?"

Raston sanasiye kuimba, anangoloza ndi chibwano kuti ng'oma n'zozimitsa. A Alufandika anayang'ana mtsuko, anayang'ana pansi pa mpando, kenaka anapendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi. Anadzuka pang'onopang'ono n'kutsatira khoma. Ine ndinawatsatira.

Nester anali atatipatsa msana. Ankasinja mu mtondo wakale wa mayi ake. Akamenya kawiri ankaima, n'kugwedeza mapewa m'mwamba ngati akukweza kanthu kumsana, kenaka n'kumenya kachitatu. Kumsana kwake kunalibe kanthu. Nthawi yomweyo kukhonde kuja Raston anafika pakati pa nyimbo, anaponda chopondera, ndipo gitala inalira kulira kuja kumene kunathamangitsa amayi atatu.

A Alufandika anagwira khoma.

"Lenia," anatero.

Nester anatembenuka, munsi uli m'mwamba.

"Tsiku lija ndikujambula," anapitiriza, "ndinawauza amayi ako kuti aleke kusinja. Anati nyimbo sadya. Anali pomwe waimapo. Iwe unali kumsana, ukulira, ukutsetsereka, iwo n'kumakukweza." Anapukuta kumaso ndi chipewa cha ku Joni chija. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutama mzungu."

Ine ndine munthu wosachedwa kuseka, ndipo panali zoseketsa zambiri pamenepo. Mkulu ameneyu anatikhazika chete zaka ndi zaka kuti timvere mtondo wa akazi ake. Raston anawonda kuseri kwa khola langa akuphunzitsa makina a ku Joni kulira ngati chibwenzi chake chili khanda. Koma kuseka sikunabwere. Ndinamva chisoni chachikulu, pakuti a Lenia ndinkawadziwa, ndipo mawu akuti nyimbo sadya anali awo enieni.

Nester anatsitsa munsi. "Ine ndimangosinja mmene ndinkawaonera," anatero motsitsa. "Sindinkadziwa kuti ankakweza ine."

Gitala inasiya. Raston anatulukira pakona, chingwe chikumukoka kumbuyo ngati mbuzi, akufunsa ngati walakwitsanso. A Alufandika anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine kuyambira kumapewa mpaka kumabatani.

"Jekete lanu ndi lalikulu, ankhoswe."

Kanali koyamba kunditchula choncho. Ndinati ndi lalikulu ndithu, koma ntchito yake ligwira.

"Tikhale pansi tikambe. Koma ndineneretu chimodzi, a Raston amve ndi makutu awo. Za chitengwa ayi. Mwana wanga simupita naye kwanu, kaya ku Dwangwa, kaya kuti. Mudzamanga pano, apo pali mpapaya. Mtondo uwu suchoka pakhomo pano, ndi wosinja wake yemwe."

Raston anavomera asanamve n'komwe mapeto ake. Akanamuuza kuti amete, akanameta ndi chikwanje.

"Chabwino," anatero a Alufandika. Anakoka chitsa n'kukhala pomwepo, pafupi ndi mtondo, osati kukhonde kumene ankakhala masiku onse. "Bwererani ku kabokosi kanu, muyambirenso. Nester, sinja."

Nester anasuzumira mu mtondo. "Mpunga wasweka wonse, bambo. Ndinasinja ndi mkwiyo. Wasanduka ufa."

"Tidzaphika phala," anatero bambo ake, atatsinzina kale. "Sinja, mwanawe."